Mwana wankhawa kapena wochedwa kukula: kwa Kaduya thandizo limayambira pati?

M'midzi ya kwa Mfumu Kaduya ku Phalombe muli ana amene makolo amasowa nawo chochita. Wina wakwanitsa zaka zitatu koma sayankhula, mukamuitana satembenuka, amangozunguza chitsekerero cha botolo tsiku lonse. Wina sakhazikika m'kalasi. Winanso chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mvula ikangoyamba kugunda malata amanjenjemera, usiku amakodza pogona. Anthu amafulumira kunena kuti walodzedwa kapena ndi wamwano, pamene ana oterewa ali ndi makomo atatu omwe makolo angagogode.

Khomo loyamba ndi la chipatala. Yambirani kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena kusikelo, mutanyamula buku la kuchipatala la mwanayo. Fotokozani zonse: kodi analira atangobadwa? Anakhala pansi liti, anayenda liti? Anadwalapo malungo okomoka nawo? Amagwa? Mafunsowa ndi ofunika chifukwa kubanika pobadwa ndi malungo ofika ku ubongo zimatha kusiya khunyu kapena vuto la kuphunzira. Adokotala amayamba kuona makutu, maso ndi kadyedwe, poti mwana wosamva bwino amachedwanso kuyankhula. Vuto likawakulira amalemba m'bukumo kuti mupite kuchipatala cha boma cha Phalombe ku Migowi, ndipo kumeneko funsani za anamwino a matenda a maganizo. Iwo akaona kuti pakufunika akatswiri amatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena kuchipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Kuzipatala za boma simulipira. Kuchipatala cha Holy Family, poti ndi cha mishoni, funsani kaye za malipiro.

Dziwani kuti si vuto lililonse lili ndi mapiritsi. Khunyu ili ndi mankhwala omwe amamwedwa tsiku ndi tsiku osadumphitsa. Autism, vuto lomwe lingaonekere ngati mwa mwana wosayankhula ndi wosatembenuka uja, ilibe mankhwala oichotsa. Chimathandiza ndi kumuphunzitsa mwana pang'onopang'ono kuyankhula, kusewera ndi anzake ndi kudzisamalira. Nkhawa nayo kawirikawiri imachepa ndi uphungu, wa mwana ndi makolo omwe.

Khomo lachiwiri ndi la sukulu. Lamulo la anthu a ulumali la 2024, lomwe linalowa m'malo mwa la 2012, limaletsa kusala munthu pa maphunziro chifukwa cha ulumali, choncho mwana sayenera kubwezedwa pakhomo la sukulu. Onanani ndi mphunzitsi wamkulu, mumuonetse zimene achipatala alemba. Iye angakulumikizeni ndi mlangizi wa sukulu za m'zoni yanu, PEA, amene amadziwa kumene kuli aphunzitsi a maphunziro apadera. Ambiri mwa aphunzitsiwa amaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu. Pemphani zinthu zotheka: mwana akhale kutsogolo, apatsidwe ntchito yaifupi, asamenyedwe akalephera kukhazikika. Akayandikira mayeso a Sitandade 8, sukulu idziwitse bungwe la mayeso la MANEB za vuto lake nthawi yolembetsa mayina.

Khomo lachitatu ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku khonsolo ya Phalombe. Ili ndi ogwira ntchito yoteteza ana m'madera, omwe amatsata lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010. Mwana akamamangidwa pamtengo, kutsekeredwa m'nyumba kapena kugwiriridwa, nkhani ipite kumeneko kapena kupolisi. Mungathenso kuimba 116, nambala yaulere ya Tithandizane yomwe imayendetsedwa ndi bungwe la YONECO. Kuofesi ya chisamaliro cha anthu ija funsani za PODCAM, bungwe la makolo a ana a ulumali, ndi MACODA, bungwe loona za anthu a ulumali lomwe kale linkatchedwa MACOHA.

Komabe achipatala amamuona mwana mphindi zochepa, masiku ena onse ali ndi inu. Mwana wa autism amadekha zinthu zikamachitika mwandondomeko imodzimodzi: kudzuka, kusamba, kudya, kusewera. Muuzeni chinthu chimodzi nthawi imodzi, mukumuonetsa: "Tenga kapu." Akatenga, muyamikireni pompo. Wankhawa uja mitambo ikada musamuseke kapena kumukalipira. Khalani naye pansi, mumuuze zimene banja lakonza madzi akabwera, kenako mupume naye limodzi, kukoka mpweya ndi mphuno n'kuutulutsa pang'onopang'ono ngati mukuuzira phala lotentha. Kusukulu azipitabe ngakhale kwa maola ochepa, chifukwa kujomba kumakulitsa mantha.

Abambo, ntchitoyi musaisiyire amayi okha, ndipo musawanene kuti vutoli lachokera kumtundu kwawo. Mafumu ndi atsogoleri a mipingo, lankhulani za ana amenewa pamisonkhano kuti mabanja asiye kuwabisa. Kholo lomwe likuona chachilendo pa mwana lisadikire kuti akula nazo zitha. Lipite kusikelo mwezi uno, buku lili m'manja.