Elizabeth Fox-Genovese: Kuchokera kwa Marx Kufika mu Eklezia

Kodi munthu wophunzira akasintha maganizo ake pa ndale, tinene kuti wataya zonse zimene ankakhulupirira kale? Moyo wa Mai Elizabeth Fox-Genovese a ku America, katswiri wa mbiri ya akazi, utithandize kuyankha.

Maiŵa anabadwira ku Boston mu 1941. Poyamba ankatsata chiphunzitso cha Marx pamodzi ndi amuna ao, Eugene Genovese. Mu 1986 anayambitsa maphunziro a za akazi pa Yunivesite ya Emory ku Atlanta. M'buku lao la mu 1988, Within the Plantation Household, anaonetsa kuti akazi a eni akapolo ndi akazi akapolo, ngakhale ankakhala pa khomo limodzi, sanali pa chibale: wina anali mbuye, wina katundu.

Mu 1991, m'buku la Feminism Without Illusions, anadzudzula anzao omenyera ufulu wa akazi chifukwa chokweza ufulu wa munthu payekha, naiŵala udindo wa munthu kwa anzake. Mu 1995 analoŵa mu Eklezia Katolika, ndipo ankatsutsa poyera kuchotsa mimba. Ena mwa anzao akale anaŵayesa opanduka. Anamwalira mu 2007.

Komabe tikalingalira bwino, tipeza mfundo imodzi yosasintha: chiyambire ankakana ufulu wosalabadira ofooka. Choncho ife ansembe ndi a m'seminale tisafulumire kuweruza munthu poona mbali imene waima lero. Tiyambe tamva funso limene likumsautsa mumtima.