Timatuza ta m'manja tikachita mafinya, thamangirani kuchipatala

Wamalonda chuma chake ndi manja. Ndiye ine zimandimvetsa chisoni ndikamazungulira m'misika ya kuchigwa kuno, pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu mpaka Bangula, kuona amayi akugulitsa makakana ndi milamba chala atachikulunga kansanza. Ukafunsa, ati ndi timatuza chabe.

Timatuza timeneti madokotala amati dyshidrotic eczema. Timatuluka m'mbali mwa zala, m'zikhatho ndi kumapazi, timayabwa koopsa, ndipo pakatha masabata awiri kapena atatu timauma khungu n'kusupuka. Sitipatsirana ayi, musathawe mnzanu. Chimatiputa ndi thukuta, manja okhalira kunyowa, sopo waukali, nkhawa, komanso kwa ena chitsulo cha nickel chopezeka m'makiyi ndi ndalama zina zachitsulo. Nanga kuno mu Okotobala ndi Novembala kutentha kumafika madigiri 40, thukuta lilekeranji?

Vuto limakula mukakanda kapena kuboola ndi singano. Khungu likang'ambika, tizilombo totchedwa Staphylococcus timalowa. Zizindikiro zake nazi: madzi a m'matuza asanduka mafinya, pamwamba pachita nkhanambo yachikasu, kuyabwa kwasanduka ululu, chala chatupa ndipo chikutentha. Mukamva mwanabere m'khwapa, thupi latentha kapena kutupa kukukwera mkono, pitani tsiku lomwelo. Odwala shuga ndi omwe ali ndi HIV asadikire n'komwe.

Chipatala cha boma chilipo pa Chikwawa ndi pa Nsanje, ku Nchalo kuli Montfort, ku Muona kuli Trinity. Zikavuta amakutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre kwa akatswiri a khungu. Kumeneko amayamba aona ngati si mphere, poti mphere nazo zimakonda pakati pa zala, koma zimayabwa kwambiri usiku ndipo zimagwira banja lonse. Akapeza tizilombo amapereka mankhwala ngati flucloxacillin, kapena erythromycin kwa amene penicillin sawayanja. Malizani onse monga akuuzirani, olo bala liume msanga. Pa matuza otuluka madzi amatha kukupatsani potassium permanganate woviikamo dzanja mphindi 10 mpaka 15. Musungunule mpaka madzi angoti pinki pang'ono, akachita kuda amaotcha khungu.

Chomwe ndikukana ine n'chogula makapisozi pa benchi n'kuthira ufa wake pabala. Betamethasone amathandizadi eczema, koma sapha tizilombo, ndiye kumupaka yekha pa mafinya kumangokulitsa bala.

Likapola bala, samalani. Mukasamba m'manja pukutani bwino n'kupaka Vaseline. Potumbula nsomba valani magolovesi, koma muzivula pafupipafupi thukuta lisadzazemo. Bala lotuluka mafinya limangeni ndi bandeji yoyera, chifukwa tizilombo tomweto tikagwera m'mandasi kapena m'chiwaya cha tchipisi timatsegula m'mimba makasitomala. Kutseka benchi m'mawa umodzi n'kukaima pamzere kuchipatala kuli bwino, abale anga, kusiyana n'kugona sabata yathunthu tomato akuolera m'dengu.