Mawu Ofotokozera Inshuwalansi ya Mbewu Yotengera Mvula

Alembi ambiri amagwiritsa ntchito liwu lakuti "chipukutamisozi" ponena za ndalama zimene kampani ya inshuwalansi imapereka. Liwuli ndi loyenera pamene munthu walipidwa molingana ndi katundu amene wawonongekadi, monga nyumba yopsa ndi moto. Koma pa inshuwalansi ya mbewu yotengera mvula, liwuli lingathe kumusocheretsa mlimi.

Inshuwalansi ya mtundu umenewu inayamba m'Malawi m'chaka cha 2005 ndi alimi a mtedza 892, mothandizidwa ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse pamodzi ndi bungwe la alimi la NASFAM. Mlimi ankaigula limodzi ndi ngongole ya mbewu yobzala. M'chaka cha 2006 ndondomekoyi inafika m'boma la Mchinji ndipo inaphatikizanso chimanga.

Palibe munthu amene ankapita kumunda kukaona zowonongeka. Mvula inkayesedwa pamalo oyesera zanyengo, monga a kwa Tembwe ku Mchinji, ndipo mlimi anayenera kukhala wolima pafupi ndi malowo. Akatswiri a masamu anatenga mbiri ya mvula ya zaka zambiri zam'mbuyo, nawerengera madzi amene mtedza umafuna pa magawo atatu a moyo wake: pomera, pochita maluwa, ndi pokhwima. Mvula ikalephera kufika pa mlingo woikika m'gawo lina, kampani inkalipira.

Pofotokoza zimenezi, mawu otsatirawa ndi othandiza:

1. Chiopsezo: kuthekera kwakuti choipa chichitike. Liwuli lisasokonezedwe ndi "ngozi", pakuti ngozi ndi choipa chenichenicho chimene chagwa.

2. Mlozo wa mvula: nambala ya mvula yoyesedwa imene imaima m'malo mwa zokolola. Dzinali likuchokera ku mneni "-loza". Mlozo umangosonyeza kumene kuli chinthu, koma suli chinthucho.

3. Chifanizo cha masamu: mawerengero amene amalumikiza mvula ndi zokolola. Chifanizo chimalondola pokhapokha ngati zimene chauzidwa zili zoona.

4. Kusemphana kwa mlozo ndi munda: pamene mvula yagwa yokwanira pamalo oyesera koma munda wa mlimi wauma, kapena wawonongeka ndi tizilombo. Pamenepa mlimi salandira kanthu, ndipo ngongole yake imakhalapobe.

5. Malipiro a mlozo: ndalama zoperekedwa chifukwa chakuti mlozo watsika. Mawu awa ndiwo ayenera kulowa m'malo mwa "chipukutamisozi".

Kufunika kwa kusiyanitsa kumeneku kunaonekera poyera m'nyengo ya ulimi ya 2015/16. Boma la Malawi linagula inshuwalansi ya chilala ku bungwe la African Risk Capacity. Chilala chinagwa, ndipo anthu oposa 6 miliyoni anafunika thandizo la chakudya. Komabe poyamba chifanizo cha bungweli sichinaonetse kuti pakufunika malipiro, chifukwa chinawerengera chimanga chochedwa kucha pamene alimi ambiri anabzala chocha msanga, chimene chinakumana ndi ng'amba pa nthawi yovuta. Mawerengero atakonzedwa, bungweli linalipira madola 8.1 miliyoni a ku America m'mwezi wa Januwale 2017.

Zimene zinachitikira dziko lonsezi zingachitikirenso mlimi mmodzi wa kwa Tembwe. Mlimi amene wauzidwa kuti adzalandira chipukutamisozi amayembekeza kuti mbewu zake zikalephera, alipidwa. Amene wauzidwa za malipiro a mlozo amadziwa kufunsa mafunso oyenera asanasaine: mvula ikuyesedwa kuti, mlingo wake ndi wotani, ndipo mbewu yowerengeredwa ndi iti. Chotero akonzi a nkhani za ulimi ndi aphunzitsi akupemphedwa kusunga liwu lakuti "chipukutamisozi" pa inshuwalansi yokhayo imene imayendera munda ndi kuyesa zowonongeka.