Boloma kapena Kent: mlandu wa mango kwa Mponda

Januwale wapitayu ndinapita kukazonda malume anga m'dera la Mfumu Yaikulu Mponda ku Mangochi ndipo ndinapeza pakhomo pali mlandu. Wozengedwa sanali munthu ayi, koma mtengo wa mango a boloma umene waima kuseri kwa nyumba chiyambire malumewo ali mnyamata. Mwana wawo, msuweni wanga, anali atangofika kumene kuchokera ku Joni ndipo amati mtengowo udulidwe, pamalopo pabzalidwe mango amakono oti n'kugulitsa. Malume amati wofuna kuudula ayambe wadikira iwo atsikire kuli chete.

Poona kuti mawu achuluka, ine ndinati bwanji mlanduwu tiupereke kwa lilime. Tinatuma mnyamata pa njinga kumsika wa pa boma ndipo anabwera ndi mango a Tommy Atkins ndi a Kent. Mayi a pakhomopo anatola maboloma otsiriza mumtengo, ana nawo anabweretsa kalisere wodzaza lichero, tonse n'kukhala pamkeka.

Tinayamba ndi Tommy Atkins kaamba ka kukongola kwake. Khungu lofiira, losalala, lopanda banga. Malume analuma kamodzi, natafuna modekha, n'kunena kuti, "Awa ndi mango a maso. M'kamwa simukufika kanthu." Msuweni wanga anakwiya, koma malume sanali oyamba kunena zimenezi. Mangowa anachokera ku Florida m'dziko la America, ndipo m'zaka za m'ma 1950 akatswiri olawa mango kumeneko anawakana kangapo ponena kuti kakomedwe kake n'kosagwira mtima. Amene anawakonda ndi alimi ndi amalonda, chifukwa amabereka kwambiri, sagwidwa matenda msanga ndipo amayenda ulendo wautali osaphwanyika.

Kent ndiye anatidabwitsa. Kunja amaoneka ngati wosapsa, wobiriwira ndithu, koma mpeni utalowa munatuluka mnofu wachikasu, wofewa, wopanda ulusi. Agogo aakazi, amene mano anawathera kale, anadya chibanthu chonse ali chete, kenaka anatambasula dzanja kufuna china. Iwo anati papita zaka asanadye bango osavutika. Koma mayi a pakhomopo anati kutsekemera kwake n'kwa shuga wa mu tiyi, kulibe kafungo kaja ka utomoni kamene kamauza munthu kuti akudya mango.

Ana sanasamale za mkanganowu. Iwo amafinya kalisere m'manja mpaka afewe, kuboola kumutu ndi dzino, n'kumayamwa madzi akuyenderera m'zigongono. Kunena zoona, alimi anzanga, nanenso mtima wanga uli komweko. Ulusi wolowa m'mano ndimauchotsa ndi kamtengo osadandaula. Mdzukulu wina wamkazi anatiseka tonse, amvekere mango enieni ndi aawisi, othira mchere ndi tsabola.

Malume anaima pa boloma wawo. Anati bango limodzi limakhutitsa munthu wochokera kumunda, ndipo m'Disembala nkhokwe zikapepuka mtengo umenewu ndi umene umagoneka ana osalira. Anaonjeza kuti amenewa ndi mango a makolo, osati obwera. Apa ndinawakumbutsa mwaulemu kuti mango onse ndi obwera. Kwawo ndi ku India ndi maiko oyandikana nawo, ndipo kuno anafika ndi amalonda ochokera kugombe la nyanja ya mchere, amene njira yawo ina inkaoloka Shire pompano kwa Mponda. Mfumu Mataka ya Ayao inatcha likulu lake Mwembe, komwe lero ndi ku Niassa m'dziko la Mozambique, potengera mitengo ya mango imene inabzalidwa kumeneko kuti mudziwo ufanane ndi midzi ya kugombe. Zipatso za makolo zenizeni ndi malambe, bwemba, mateme ndi mapoza. Malume anangoti, "Mlendo wogona zaka zonsezo si mlendonso."

Lilime litalephera kugamula, msuweni anatulutsa mfundo yake yeniyeni, ndipo ndiyenera kuvomera kuti inali yolemera. Mango anayi aja tinagula anatidyera ndalama yoposa imene ana akanapeza atagulitsa lichero lonse la kalisere. Mango athuwa amapsa onse nthawi imodzi, kuyambira Novembala mpaka kumayambiriro kwa Januwale, ndipo khomo lililonse limakhala nawo. Wogula wa galimoto akabwera amatchula yekha mtengo, mlimi akakana mangowo amaolera pansi. Kent amachedwerapo kupsa, ndipo mtundu wina wotchedwa Keitt umachedwa koposa, mpaka kufika nthawi imene pamsika palibenso bango lakomweko. Wogula wa m'tauni amafunanso chipatso choti adule ndi mpeni osadetsa malaya.

Ndinamuona akusonkhanitsa njere za Kent zija kuti akafese. Apa mpamene alimi ambiri amataya zaka. Njere ya boloma kapena kalisere kawirikawiri imatulutsa mphukira zingapo ndipo mtengo wake umabereka mango ofanana ndi mayi wake. Njere ya Kent, Keitt kapena Tommy Atkins imatulutsa mphukira imodzi yokha, ndipo mtengo wake umabereka zina ndi zina. Munthu adikira zaka 6 kapena kuposa n'kudzathyola bango losadziwika dzina. Njira yake ndi kumezanitsa, ena amati kukwatitsa: kutenga kanthambi ka mtengo wamakono n'kukalumikiza pa mbande ya mango akomweko, imene mizu yake inazolowera kutentha ndi mchenga wa kunyanja. Mtengo wotere umayamba kubereka pa zaka 3 kapena 4.

Ndipo mtengo wakale sufunika kuuzula. Mlimi amadula nthambi zina, kudikira ziphuke, mphukirazo zikafika kukula kwa pensulo n'kumezanitsapo. Kampani ya Malawi Mangoes ku Salima inagwiritsa ntchito njira yomweyi ndi alimi a kumeneko. Mtengo umodzi utha kubereka mitundu iwiri, uku boloma uku Kent.

Ndinamuchenjezanso msuweni kuti mango ochedwa ali ndi adani awo. Ntchentche ya zipatso, imene mtundu wake woononga kwambiri unaoneka koyamba mu Africa muno ku Kenya m'chaka cha 2003, imaikira mazira pansi pa khungu, ndipo wogula amapeza mphutsi m'bango looneka bwino kunja. Mango akugwa ayenera kutoledwa ndi kukwiriridwa m'dzenje lakuya. Mdani wachiwiri amayenda ndi miyendo iwiri: mtengo wokhawo wotsala ndi zipatso m'mudzi mu Febuluwale mwana wa sukulu aliyense amaudziwa.

Dzuwa litapendeka, agogo ndi amene anatseka mlandu. Anauza malume kuti, "Mwana wanga, nawenso mano ako akugwedera, ndakuona potafuna." Malume anaseka mpaka kutsokomola. Analola nthambi ziwiri za mbali ya kumsewu kuti zidulidwe, ndipo anauza mwana wawo kuti akaitane mlangizi wa zaulimi, asayese yekha ndi chikwanje. Nthambi yaikulu imene imachita mthunzi pamene amayala mkeka wawo anaimanga kansalu kuti wodulayo asadzanamizire kuiwala.