Shoaib Akhtar, Mphezi ya ku Rawalpindi

Kuno ku Lichinga tikati mpira timanena wamiyendo, ndiye mundilole ndikuuzeni za katswiri wa kiriketi. Shoaib Akhtar adabadwira ku Rawalpindi, m'dziko la Pakistan, mu 1975. Ntchito yake inali yothamanga n'kuponya mpira mwaliwiro kuti womenya asauone n'komwe.

Dziko lidamudziwa mu 1999 ku Kolkata, pomwe adatulutsa omenya otchuka, Rahul Dravid ndi Sachin Tendulkar, pa mipira iwiri yotsatizana. Koma chodabwitsa chenicheni chidachitika mu 2003 ku Cape Town, pa Chikho cha Dziko Lonse. Mpira womwe adaponyera Nick Knight wa ku England udathamanga makilomita 161.3 pa ola. Galimoto itathamanga chotero, ulendo wa ku Mandimba sungakwane ndi ola limodzi lomwe!

Liwirolo lidamudya mawondo. Adavulala kawirikawiri, nakangananso ndi akuluakulu a masewerawa kwawo, mwakuti adasewera masewera akuluakulu otchedwa Test 46 okha, natulutsa omenya 178.

Ine ndimati thupi lidamukana luso lisadathe. Adapuma mu 2011.