Mwana wa aneba sakudya bandulo yanu

Mwezi wathawu mayi ena a ku Maglas, kuno ku Zimbabwe, anandiitana ndi mawu a munthu amene mlandu waugamula kale, akungofuna mboni. Kuseri kwa nyumba yawo kuli zipinda zimene amachititsa lendi ophunzira a ku Midlands State University, ndipo pofuna kukopa anawo anagula rauta yolowa simukhadi. Bandulo ya mwezi wathunthu inkatha mwezi usanafike n'pakati pomwe. Wakuba anali atamupeza kale: mnyamata wa nyumba yoyandikana nayo, amene madzulo amakonda kutsamira mpanda maso ali pafoni. Moni pakati pa nyumba ziwirizo anali atazilala, chonsecho azigogo awo anachokera limodzi ku Malawi kudzakumba asibesitosi mu mgodi wa Shabanie.

"Mwanangu, dzina tinabisa kale," anatero mayiwo. "Ndinalipira munthu kuti alibise, koma akubabe. Ameneyu ndi mfiti ya makompyuta."

Nkhani yobisa dzinayi ndatopa nayo. Ndaimva ku Mandava, ndaimva ku Makwasha, ndaimva ngakhale kwa amisiri ophunzira bwino ogwira ntchito ku mgodi wa Mimosa. Wina anafalitsa kuti ukabisa dzina la WiFi ndiye kuti watseka pakhomo, ndipo pali anyamata amene akudyerapo ndalama pantchito yongodina kabokosi kamodzi.

Dzina limene mumaliona pafoni mukamasaka WiFi, ife a ntchito imeneyi timalitcha SSID. Rauta imalilengeza mumlengalenga pafupifupi kakhumi pa sekondi iliyonse, kuti mafoni adziwe kuti ilipo. Mukaiuza kuti ibise dzina, siisiya kulengeza; imangosiya malo a dzinawo opanda kanthu. Tsono foni yanu, imene dzinalo ikulidziwa, ndi imene imayamba kuitana: kodi wakuti uli pano? Ikamalumikizana ndi rauta, dzinalo limadutsa mumlengalenga poyera, ndipo munthu amene ali ndi laputopu ndi pulogalamu yaulere amaliwerenga popanda thukuta. Choipa china n'chakuti mafoni ambiri amapitiriza kuitana dzina lobisikalo kulikonse kumene mwapita, kumsika, kuchipatala, ku mpira pa Mandava Stadium. Kubisa dzina kuli ngati kuchotsa nambala ya nyumba pachitseko n'kukagona osakhoma. Amene mwamusokoneza ndi mlendo wanu yekha, ndi TV yakale imene sidziwa kusaka dzina lobisika.

Mnzake wa bodza limeneli ndi kaundula wa MAC. Chipangizo chilichonse chili ndi nambala yakeyake yotchedwa MAC, ndipo rauta mukhoza kuiuza kuti izilandira manambala amene mwalemba okha. Zimamveka zanzeru. Koma manambalawa nawonso amayenda poyera, ndipo wodziwa ntchito amangotengera nambala ya foni yololedwa n'kuivala. Komanso kuyambira pa Android 10 mu 2019 ndi iOS 14 mu 2020, mafoni sapatsanso rauta nambala yawo yeniyeni, amapereka yongopeka pofuna kuteteza mwini wake kuti asamatsatidwe. Ndiye munthu amatsegula mndandanda wa olumikizidwa, n'kuona manambala achilendo opanda maina, mtima phaa, akuba alowa. Pamene ndi foni ya mdzukulu wake.

Ku Maglas kuja tinakhala pansi ndi mndandandawo, n'kumazimitsa WiFi pa chipangizo chimodzichimodzi kuti tione amene akuchoka. Onse anali a pakhomopo, kupatula awiri amene anali ophunzira a chaka chatha, osamukira kuseri kwa msewu womwewo koma pasiwedi akadali nayo. Sanathyole kalikonse. Pasiwediyo inali nambala ya foni ya mayi aja, yomwenso inalembedwa ndi penti pageti pansi pa mawu onena kuti pali zipinda za lendi. Koma ngakhale awiriwa sindiwo ankamaliza bandulo. Mdyomba wamkulu anali TV ya pabalaza, imene adzukulu ankaisiya ikusewera makanema a pa YouTube kuyambira m'mawa, anthu aliko kaya kulibe. Kanema wooneka bwino kwambiri akhoza kudya 3 GB pa ola limodzi. Onjezanipo mafoni a ophunzira, amene anapangidwa kuti aziona WiFi ngati yaulere: amadikira dala mpaka atalumikizidwa, kenako n'kuyamba kukopera mapulogalamu atsopano, kutumiza zithunzi zonse kosungira, ndi kutsitsa kanema aliyense woponyedwa m'magulu a WhatsApp. Mnyamata wa pampanda uja sanapezeke pamndandanda. Amatsamira pamenepo chifukwa ndi pamene netiweki ya foni yake imagwira bwino.

Sindikunena kuti akuba WiFi kulibe. Alipo. Koma amalowera pa zitseko zina, zimene obisa dzina aja sazikhudza n'komwe.

Choyamba ndi mtundu wa loko. Pa tsamba loyendetsera rauta pali malo osankhira chitetezo. Mukaona WEP, imeneyo akatswiri anaithyola mu 2001, ndipo rauta imene ili ndi WEP yokha ndi yoyenera kupuma. WPA2 inabwera mu 2004 ndipo ikadali yolimba bwino, makamaka mukasankha yolembedwa AES. WPA3 ya 2018 ndiyo yoposa, kungoti ma TV ndi mafoni akale ena amaikana, ndiye marauta ambiri ali ndi njira yophatikiza ziwirizi. Komabe WPA2 imalimba molingana ndi pasiwedi yake. Munthu akhoza kutola kachidutswa ka moni amene foni ndi rauta zimapatsana polumikizana, n'kupita nako kwawo kukayesa mawu mamiliyoni pa kompyuta yake, rauta yanu osadziwa kanthu. Nambala ya foni imagwa msanga, chifukwa manambala oyamba aliyense akuwadziwa. Dzina la mwana ndi chaka chobadwa, chimodzimodzi. Dzina la timu, kaya ndi FC Platinum kaya Shabanie Mine, musayese n'komwe. Pasiwedi imaloledwa kukhala ya zilembo 8 mpaka 63, ndiye tengani mawu anayi kapena asanu osagwirizana, ena Achichewa ena Achishona, muwalumikize. Ndi yosavuta kukumbukira, koma yotopetsa woyesa.

Chachiwiri ndi kabatani kolembedwa WPS. Anakaika kuti anthu azilumikiza zinthu osalemba pasiwedi, ndipo kali ndi nambala yake yachinsinsi ya manambala 8. Mu December 2011 Stefan Viehböck anasonyeza kuti rauta imayankha theka loyamba la nambalayo palokha, lachiwiri palokha, moti m'malo moyesa kambirimbiri wakuba amangofunika kuyesa pafupifupi ka 11,000. Akaipeza, rauta imamupatsa pasiwedi yanu yaitali ija mwaulemu. Marauta atsopano amadzitseka munthu akalakwitsa kangapo, koma ambiri amene ndimawapeza m'nyumba muno ndi ogulidwa kaunjika. Zimitsani WPS.

Chachitatu ndi chimene chimandipweteka mutu kwambiri. Rauta ili ndi mapasiwedi awiri. Ina ndi ya WiFi, ina ndi ya tsamba loyendetsera rautayo, limene mumalipeza mukalemba 192.168.0.1, 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1, malinga ndi zimene zalembedwa pansi pake. Yachiwiriyi m'nyumba zambiri sanaisinthepo, idakali admin. Wochita lendi aliyense amene munamupatsa WiFi akhoza kulowa mmenemo, kuwerenga zonse, kusintha zonse, ngakhale kukutsekerani kunja inu mwini. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalanda makamera ndi marauta zikwi mazanamazana padziko lonse pongoyesa mapasiwedi a kufakitale ngati amenewa, n'kuwagwiritsa ntchito kugwetsa masamba akuluakulu a pa intaneti.

Ndisanaiwale, dandaulo lina limene anthu amanamizira nalo aneba ndi lakuti intaneti ikukwawa. Chibwerereni intaneti ya Starlink mu Zimbabwe mu September 2024, anthu ambiri akufuna kufikitsa WiFi ku zipinda za kuseri, ndiye amagula rauta yachiwiri n'kungoilumikiza ndi waya. Tsiku lina zikuyenda, tsiku lina foni ikuti yalumikizidwa koma intaneti palibe. Nthawi zambiri vuto ndi DHCP, ntchito yogawira chipangizo chilichonse adiresi. M'nyumba imodzi wogawa ayenera kukhala mmodzi. Rauta yachiwiri ikakhala ndi posankhira polembedwa Access Point, sankhani pamenepo basi. Ikakhala ilibe, zimitsani DHCP yake, ipatseni adiresi yosiyana ndi ya rauta yoyamba, ndipo waya ulowe pa bowo la LAN, osati la WAN. Laputopu ikaonetsa adiresi yoyamba ndi 169.254, ndiye kuti palibe amene waigawira, yang'anani waya kapena muone ngati simunazimitse DHCP konsekonse.

Zina ndi za malo chabe. Rauta yoikidwa pansi kuseri kwa TV, kapena yokhomeredwa m'kabati yachitsulo kuopa ana, singafike patali. Zipupa za njerwa zimadya mphamvu, malata ndiye amabweza kumene. Ikwezeni, ikhale chapakati pa nyumba. Mafunde a 5 GHz ndi achangu koma amatopa akadutsa zipupa ziwiri, a 2.4 GHz amafika patali koma m'komboni mothithikana amaphana ndi a aneba, ndiye yesani tchanelo 1, 6 kapena 11, zitatuzi sizipondana. Nyumba iliyonse ili ndi khalidwe lake, sindingalonjeze kuti zikuyenderani ulendo woyamba.

Kwa eni nyumba za lendi: tsegulani netiweki ya alendo ngati rauta yanu ili nayo, ochita lendi akhale kumeneko, ndipo pasiwedi yake isinthidwe wina akangosamuka. Mafoni a masiku ano amagawa pasiwedi ndi kachithunzi ka QR, ndiye zomauza ana kuti "bwera ndikulembere ndekha" sizithandiza. Ngati bandulo ili ndi malire, pa foni ya Android ndi pa laputopu ya Windows pali pouzira kuti WiFi imeneyi ndi yolipira mwa muyeso, polembedwa metered. Zimachepetsa, ngakhale sizithetseratu. Magetsi akabwera, ipatseni rauta mphindi zingapo musanayambe kuitokosa. Ndipo kabowo kolembedwa reset kasiyeni mpaka zina zonse zitakanika. Pa intaneti yobwera pa waya wa telefoni kapena wa faiba, kabowo kameneka kakhoza kufufuta dzina ndi pasiwedi zimene kampani inaika polumikiza, ndiye yambani mwazilemba papepala kapena mwaifunsa kampaniyo musanalowetsemo phini.