Kasitomala akaletsedwa za tirigu, mumugulitsa chiyani?

M'mawa wa ku Mzuzu, makamaka m'miyezi yozizira ya June ndi July, tiyi sayenda yekha. Pa depoti, mumsika waukulu, ku Zigwagwa ngakhale ku Luwinga, kapu ya tiyi imafuna mandasi, sikono kapena buledi. Koma alipo makasitomala ena amene amafika pa benchi, kumva fungo la mandasi otentha, n'kuchoka osagula. Ndalama ali nazo, koma achipatala anawaletsa zakudya za tirigu. Wamalonda amene angamvetse vuto lawo apeza kasitomala wa tsiku ndi tsiku.

Vuto lili pati?

Mu tirigu ndi mu balere muli puloteni yotchedwa gluten. Ndi imene imachititsa kuti fulawa yokanda izitamuka ngati labala n'kusunga mpweya wa yisiti, mandasi n'kufufuma bwino. Kwa anthu ambiri gluten ilibe vuto. Koma kwa amene ali ndi matenda a celiac, thupi limalimbana nayo mpaka kuwononga matumbo aang'ono. Zotsatira zake ndi kutsegula m'mimba pafupipafupi, kutupa mimba, kuchepa magazi, kuonda ndiponso kupinimbira kwa ana. Padziko lonse, pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 100 aliwonse ali ndi matendawa, ndipo chithandizo chake ndi kusiyiratu gluten moyo wonse. Aliponso ena amene alibe celiac koma za tirigu zimawavuta m'mimba.

Chilakolako chimachokera kuti?

Kusiya buledi n'kovuta chifukwa cha zinthu ziwiri: njala ndi chizolowezi. Munthu akadzuka n'kumwa tiyi wopanda chomwera, pofika 10 koloko m'mimba muli kulira, ndipo chimene chili pafupi ndi beseni la mandasi. Nthawi zambiri chimene mtima ukufuna si tirigu weniweniyo ayi, koma kanthu kotentha, kotsekemera, kokazinga, komwera tiyi. Choncho mankhwala a chilakolako ndi kudya zokhalitsa m'mimba m'mawa, monga futali, phala la mpunga lothira nsinjiro, dzira kapena mtedza, komanso kukhala ndi cholowa m'malo mwa mandasi pa nthawi imene munazolowera kuwadya. Izi zikukhudzanso inu amayi ophika mandasi amene munaletsedwa tirigu koma mumakhala nawo tsiku lonse: tengani kanu kodya kuchokera kunyumba musanayatse mbaula.

Ubwino wake ndi woti kuno kumpoto zolowa m'malo zilipo kale. Chimanga, mpunga, chinangwa, mbatata, mbatatesi, nthochi, mawere, mapira, nyemba ndi mtedza zilibe gluten. Nsima ya kondowole ya ku Nkhata Bay, mpunga wa Kilombero wa ku Karonga ndi mbalagha ya nthochi zosapsa ndi zakudya zimene munthu wotere angadye mosaopa, malinga ngati wophika sanathiremo fulawa. Pa zomwera tiyi, zitumbuwa za nthochi ndi ufa wa chimanga komanso chigumu zimagwira ntchito ya mandasi bwinobwino.

Zoyenera kuchita pa malonda

Choyamba, siyanitsani mafuta. Zitumbuwa zokazingidwa m'mafuta amene mwakazingira mandasi zimatenga tizidutswa ta fulawa, ndipo kwa wodwala celiac kachidutswa kochepa n'kokwanira kumudwalitsa. Khalani ndi chiwaya chapadera. Ngati chiwaya n'chimodzi, chitsukeni bwino, thirani mafuta atsopano, yambani ndi zitumbuwa, mandasi pambuyo. Sefa, mthiko, beseni ndi chopanira nazonso zikhale zosiyana, ndipo musasanjikize zitumbuwa pamwamba pa mandasi.

Chachiwiri, nenani zoona. Ophika ena amathira fulawa pang'ono m'zitumbuwa kapena m'chigumu kuti zigwirane. Sikulakwa, koma kasitomala akafunsa, muuzeni. Akadwala usiku sabweranso, ndipo adzauza anzake. Ngati mukufuna zogwirana popanda fulawa, onjezerani nthochi zakupsa kwambiri kapena dzira. Ufa wa chinangwa nawo umathandiza, koma paokha sufufuma ngati fulawa, choncho musaulonjeze kuti utulutsa mandasi enieni.

Chachitatu, inu a maokala ndi magolosale, werengani zolembedwa pa paketi. Mabisiketi ambiri, supageti ndi manudozi ndi za tirigu. Masoseji ena ndi zokometsera zina za ndiwo amasakanizamo fulawa. Mukaona mawu oti wheat, barley, rye kapena malt pa mndandanda wa zosakaniza, musamupatse kasitomala wotere. A malo odyera samalaninso ndi msuzi wokhuthalitsa ndi fulawa komanso nkhuku kapena nsomba yoviika mu fulawa isanakazingidwe.

Chachinayi, werengerani mtengo. Tirigu wambiri amene timadya m'Malawi muno amachokera kunja, choncho mtengo wa fulawa umatsata mphamvu ya kwacha. Ophika mandasi akukumbukira mmene zinthu zinakwerera ndalamayi itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Nthochi, mbatata ndi chinangwa mitengo yake imatsata kwambiri nyengo ndi mtengo wa mayendedwe. Lembani zimene mwawononga pa beseni limodzi la mandasi ndi limodzi la zitumbuwa, kuphatikizapo mafuta ndi makala, kenako yerekezani phindu. Yambani ndi zochepa, chifukwa za nthochi sizichedwa kuwonongeka.

Chenjezo lomaliza: wamalonda si dokotala. Kasitomala akamadandaula za m'mimba, musamuuze kuti asiye tirigu. Mulimbikitseni apite kuchipatala asanasiye, chifukwa kuyeza celiac kumafuna kuti munthu akhale akudyabe za tirigu, apo ayi zotsatira zimatha kusokonekera.

Mawa mukamayala malonda, ikani beseni lina lovindikira pambali, ndipo lembani pa kachikatoni kuti "Zopanda fulawa". Amene ankangodutsa uja akaima n'kufunsa mafuta amene mwakazingira, mukhale ndi yankho loona.